Kusankha ride: zimene khutu liyenera kumva pa mbale yaikulu ya ng'oma za bandi

Ng'oma za bandi mukhoza kuzisintha mawu. Mukasintha chikopa, mukachikunga kapena kuchikhwefula, snare (ng'oma yaing'ono ya mawaya kunsi) yotchipa imayamba kumveka bwino ndithu. Ma cymbal, mbale za mkuwa zomenya ndi timitengo, satero. Mbale ya mkuwa imatuluka m'manja mwa osula ili kale ndi mawu ake, ndipo idzalira pafupifupi choncho mpaka tsiku limene idzang'aluke. N'chifukwa chake amene akhalitsa pa ng'oma amalangiza kuti ndalama zikaperewera, ng'oma mugule zotsika mtengo koma pa ma cymbal musaumire. Ndipo mwa ma cymbal onse, ride, mbale yaikulu yogogodapo nthawi ya nyimbo, ndiyo yofunika kuidekhera kwambiri. Crash, mbale yotsindikira mawu mwaphokoso, mumaimenya apo ndi apo, ikalira yathana nazo. Ride dzanja limakhala pamenepo nyimbo yonse, nthawi zina kuigogoda kambirimbiri pa mphindi imodzi, moti cholakwika chilichonse m'mawu ake chimabwerezedwa mpaka omvera atopa nacho osadziwa n'komwe chimene chawatopetsa.

Ntchito imeneyi ride sinali nayo kuyambira kale. M'mabandi a jazz a ku America a zaka za m'ma 1930, nthawi ya nyimbo inkasungidwa ndi phazi pa ng'oma yaikulu, mothandizana ndi snare ndi hi-hat (mbale ziwiri zotsekedwa ndi kutsegulidwa ndi phazi). Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, Kenny Clarke, amene ankaimba ng'oma ku Minton's Playhouse ku Harlem mumzinda wa New York, anasamutsira ntchitoyi ku dzanja lamanja pa cymbal yaikulu, n'kusiya phazi ndi dzanja lamanzere kuti ziziyankha apo ndi apo. Max Roach ndi ena anapitiriza njira yomweyo. Kuchokera pamenepo mbale imodziyi inapatsidwa ntchito ziwiri zosayanjana, ndipo vuto lonse la kusankha ride lagona pa ntchito ziwirizi.

Yoyamba ndi kugogoda. Nsonga ya kamtengo ikakhudza mkuwa pamamveka kaphokoso kafupi, kakuthwa, kakuti ting'i. Kaphokoso kameneka ndi kamene woimba besi ndi wa kiyibodi amatsatira. Yachiwiri ndi mkokomo, kulira kwa mbale yonse kumene kumatsala kamtengo katachoka, n'kumaunjikana mukamapitiriza kugogoda. Zili ngati mvula padenga la malata: ikamayamba mumamva dontho lililonse palokha, koma ikalimba madontho aja amamira m'chiphokoso chimodzi. Ride yopanda mkokomo imamveka youma, yosakoma, ndipo pakati pa kugogoda ndi kugogoda pamakhala mpata wopanda kanthu. Ride ya mkokomo wochuluka imameza kugogoda kwake komwe, bandi n'kuyamba kusowa poponda. Funso loyenera kudzifunsa poyerekeza ma ride awiri si lakuti yokoma ndi iti. Funso ndi lakuti, pa mphamvu imene ine ndimamenya nayo, ndi m'chipinda chimene ndimaimbamo, ndi iti imene kugogoda kwake kumakhalabe pamwamba pa mkokomo wake?

Kulemera n'kumene kumalamulira zambiri

Mwa zinthu zonse zimene zimapanga mawu a ride, kulemera ndiko koyamba kufunsa, ngakhale dzina la kampani lisanatchulidwe. Mbale yokhuthala imauma, siigwedezeka msanga, choncho kugogoda kumamveka kwambiri, mawu amakwera, ndipo imafuna dzanja lamphamvu kuti itseguke. Mbale yopyapyala imagwedezeka yonse ngakhale mutangoikhudza, mawu ake amatsika, mkokomo umabwera msanga. Pa mbale ya mainchesi 20, yolemera cha m'ma magalamu 1,800 mpaka 2,000 imatengedwa kuti ndi yopepuka, ya cha m'ma 2,300 ndi yapakatikati, ndipo ikapitirira 2,600 yalowa m'gulu la zolemera. Pa mainchesi 22 manambalawa amakwera: 2,300 ndi yopepuka, pomwe zolemera zimadutsa 3,000. Malire ake si okhazikika, kampani iliyonse ili ndi kayezedwe kake, moti chimene ena alemba kuti n'chapakatikati kwa anzawo n'cholemera. Pachifukwachi mawu osindikizidwa pambale musawakhulupirire kwambiri. Osula ambiri a ku Turkey amalemba magalamu enieni ndi cholembera kunsi kwa belu, chitunda cha pakati pa mbale. Ngati palibe, sikelo ya kukhitchini imakwana.

Kukula kwa mbale kumabwera pambuyo pake. Ma ride ambiri ali pakati pa mainchesi 20 ndi 22, ngakhale alipo a 18 ndi a 24. Ikakula mawu amatsika, amachedwa kuzilala, ndipo imadzaza malo aakulu. Koma kukula ndi kulemera ziyenera kuwerengedwa pamodzi. Magalamu 2,300 pa mainchesi 20 ndi mbale yogogoda bwino, pomwe magalamu omwewo atatambasulidwa pa mainchesi 22 ndi mbale yopyapyala, ya mkokomo wambiri. Anthu ambiri amagula ya 22 poganiza kuti idzamveka kwambiri kuposa ya 20, kenako n'kudabwa kuti ikumira pansi pa magitala.

Ndiye pali belu, chitunda cha pakati chija. Ambiri amaliyesa pofuna kumva ngati likulira bwino polimenya palokha, ndipo n'zoona kuti pa nyimbo zovinika belu lomveka ndi chuma. Koma belu limakhudzanso mbale yonse ngakhale musalimenye. Likakula mbale imafuula kwambiri ndipo mawu ake amachuluka. Likachepa mbale imafatsa. Umboni wake ndi ride yopanda belu n'komwe, yathyathyathya, imene kampani ya Paiste inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1960 ndipo woimba ng'oma za jazz Roy Haynes anaitchukitsa. Mbale imeneyi mungaigogode mothamanga bwanji, mkokomo sukwera. Pa bandi ya piyano, besi ndi ng'oma basi, kapena poperekeza woimba wa mawu ofewa, n'njabwino zedi. Pa bandi ya magitala a magetsi siimveka konse. Kupindika kwa mbale nakonso kuli ndi gawo lake: yotukuka kwambiri imakweza mawu, yogonera imawatsitsa.

Za mkuwa wake ndingonena zofunika. Ma cymbal ambiri apamwamba amapangidwa ndi mkuwa wosakaniza umene amautcha B20, ndiko kuti magawo 80 pa 100 ndi kopa, 20 ndi tini. Wina wodziwika ndi B8, kopa 92 ndi tini 8, umene umaoneka wofiirira ndipo mawu ake amakhala owala, olunjika. Pansi penipeni pali brasi, kopa wosakaniza ndi zinki, umene umabwera ndi maseti otchipa a ophunzira. Ride ya brasi ilibe mkokomo woti n'kuutchula, imangoti gwa n'kufa, ndipo palibe chimene mungaichite kuti isinthe. Koma mawu akuti B8 ndi ya ophunzira okha si oona. Ma cymbal a Paiste otchedwa 2002, amene anatuluka mu 1971, ndi a B8, ndipo John Bonham wa Led Zeppelin ankaimbira omwewo, ride yake ili ya mainchesi 24. Chimene chimasiyanitsa B8 yotchipa ndi yodula ndi ntchito imene yagwiridwa pa mbaleyo.

Ntchitoyo ndi ya nyundo ndi ya mpeni. Timaenje timene mumaona pa cymbal si tokongoletsa. Nyundo ndiyo imaumba mbale ndi kuilimbitsa, ndipo kamenyedwe kake kamasankha mmene kunjenjemera kudzayendere kuchoka pakati kupita m'mphepete. Ikamenyedwa ndi makina m'mizere yolongosoka, mawu amatuluka oyera, owala. Ikamenyedwa ndi manja, apa kwambiri apa pang'ono, kunjenjemera kuja kumasokonezeka panjira, mawu amada, amachulukana, pena kumveka ngati muli kautsi. Kenako mbale imazungulizidwa pamakina n'kupalidwa ndi mpeni, ndipo mizere yozungulira imene imatsala imathandiza kuti mawu atseguke. Ride yosapalidwa, yakuda ngati yangochoka pamoto, imakhala youma: kugogoda kwambiri, mkokomo wochepa wozilala msanga. Ena amapala kunsi kokha kapena m'mphepete mokha pofuna zonse ziwiri.

Mabanja awiri a mawu

Mayina amene mudzakumana nawo pogula ali ndi mbiri imodzi yolukana. Kampani ya Zildjian inayamba mu 1623 ku Constantinople, mzinda umene lero ndi Istanbul, ndi Avedis Zildjian, munthu wa mtundu wa Armenia. Mu 1929 nthambi ina ya banjali inatsegula fakitale ku Quincy m'chigawo cha Massachusetts ku America, n'kuyamba kupanga mbale zopyapyala, zowala mawu, zoyenera mabandi a nthawiyo. Amenewa ndi ma A. Ku Istanbul abale awo anapitiriza kusula ndi manja mbale zakuda mawu zodindidwa chilembo K, kuchokera pa dzina la Kerope Zildjian, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Banja litagawikana, Robert Zildjian anayambitsa Sabian mu 1981 ku Meductic m'dziko la Canada, ndipo mukaona AA ndi HH pa ma Sabian dziwani kuti ndi mabanja awiri omwe aja, owala ndi akuda. Ku Istanbul nako amisiri awiri amene anaphunzira ntchito mufakitale yakale ija, Agop Tomurcuk ndi Mehmet Tamdeger, anatsegula yawo mu 1980, imene pambuyo pa imfa ya Agop mu 1996 inasanduka makampani awiri, Istanbul Agop ndi Istanbul Mehmet. Meinl ya ku Germany nayo ma cymbal ake otchedwa Byzance imasulitsa ku Turkey.

Kuti mumve kusiyana kwa mabanja awiriwa, mvetserani woimba ng'oma za jazz Tony Williams pa zimene anajambula ndi woimba lipenga Miles Davis kuyambira mu 1963, ali ndi zaka 17. Ride yake inali K ya ku Istanbul ya mainchesi 22. Mkokomo wake ndi wotsika, wobangula pansipansi, koma nsonga ya kamtengo imamvekabe payokha ngakhale nyimbo ithamange motani. Kenako mvetserani Bonham: mbale yaikulu, yowala, yotambalala pamwamba pa gitala yofuula. Onsewa ndi ma ride abwino, koma mutawasinthanitsa onse awiri angaoneke olakwika. Ndipo pa za Tony Williams tisadzinamize, gawo lalikulu la kumveka kuja linali m'dzanja lake. Oimba ng'oma ambiri athera ndalama pofunafuna mbale imeneyo, pomwe chimene ankachimva chinali mmene mwini wake ankachotsera kamtengo pamkuwa.

Pali chinanso chimene ogula ambiri sachidziwa. Ma cymbal a B20 amayamba ngati chibuma cha mkuwa chothiridwa pachokha, chimene chimatenthedwa ndi kupsinjidwa kangapo, kenako kuviikidwa m'madzi chili chamoto. Motero mbale ziwiri za dzina limodzi, kukula kumodzi, zochokera mufakitale imodzi, zikhoza kusiyana ndi magalamu 100 kapena 200 ndipo mawu ake n'kusiyananso. Pa zosulidwa ndi manja kusiyanako kumakula. Paiste ndiyo imadziwika kuti mbale zake zimafanana kwambiri, poti iliyonse amaiyerekeza ndi mbale yachitsanzo isanatuluke. Kwa enawa, mukamva ride ya mnzanu n'kuikonda, mwakonda mbale imeneyoyo, osati mtundu wonse.

Kuyerekeza kwenikweni

Tengani timitengo tanu. Apa ambiri amaphonya, chifukwa nsonga ya kamtengo imasintha ride kuposa mmene munthu angaganizire. Nsonga ya nayiloni, imene Joe Calato anayambitsa mu 1958, imawalitsa kugogoda. Ya mtengo imakufewetsa. Nsonga yaing'ono yozungulira imakhudza malo ochepa, ndiye imatulutsa kugogoda koyera, pomwe yaikulu yotalika imadzutsa mkokomo. Kamtengo kopepuka ka 7A ndi kolemera ka 2B pa mbale imodzi zimamveka ngati mbale ziwiri. Mukayesa ndi kamtengo ka m'sitolo, kunsonga kothetheka kale, mwayesa zina.

Muziyerekeza mbale ziwiri zokha nthawi imodzi, pa masitandi ofanana, nati ya pamwamba yosamangitsa kuti mbale izitha kugwedera. Yagonja ichoke, ibwere ina. Khutu limatopa msanga ndi mawu okwera, moti mukamenya mbale khumi motsatizana, yomaliza imangomveka yabwino chifukwa ndi yosiyana ndi zinzake. Ndipo musangogogoda katatu n'kuweruza. Imbani kamayendedwe ka nyimbo yeniyeni imene mumaimba, kwa theka la mphindi kapena kuposa, kuti mkokomo upeze nthawi younjikana. Yambani mofewa, muzikweza pang'onopang'ono mpaka pamene mumafika nyimbo ikakolera. Pali malo ena pamene kugogoda kumamira. Mbale iliyonse ili ndi malo amenewo, ndipo chimene mukufufuza n'chakuti ali pamwamba kapena pansi pa mphamvu imene mumaimbira masiku onse. Mukatero yendani ndi kamtengo kuchokera pafupi ndi belu kupita m'mphepete: ride yabwino imasintha mawu panjira imeneyi, ndipo kusinthako ndiko kumakupatsani zonena zambiri pa mbale imodzi. Menyani belu ndi pokhuthala pa kamtengo, osati ndi nsonga. Menyani m'mphepete ngati crash, n'kubwerera pogogoda nthawi yomweyo, muone ngati kugogodako kukumveka kapena muyenera kudikira kuti phokoso lidutse.

Pomaliza imenyeni kamodzi, muisiye izilale yokha, mukumvetsera mpaka kumapeto. Mbale zina zimabisa kaliwu kamodzi kolira mosalekeza, kokhala ngati kulira kwa m'khutu. M'sitolo simungakalabadire. Pa maikolofoni, kapena pa nyimbo imene kiyi yake ikulimbana ndi kaliwu kameneko, kadzakuvutitsani nyimbo iliyonse.

Ngati n'kotheka bwerani ndi hi-hat ndi crash zanu. Ride siimba yokha. Ikafanana kwambiri mawu ndi crash, mukachoka pa ina kupita pa inzake omvera samva kuti chasintha n'chiyani. Ikasiyana kwambiri, monga ride yakuda youma pakati pa ma crash owala, imamveka ngati yobwereka. Sikuti zonse zichokere ku kampani imodzi ayi, chofunika n'chakuti zimvane.

Koma muyeso umene ndimauona kuti ndi waukulu pa yonse ndi uwu: mnzanu akhale pampando aziimba, inu mupite kutali, kumene omvera amakhala. Woimba ng'oma amamva ride ali pamwamba pake, pamene kugogoda ndi mkokomo wapansi zonse zimafika m'khutu mokwanira. Mamita 10 kuchokera pamenepo zinthu zimasintha. Mbale yopyapyala yakuda, imene pampando imakoma kwambiri, kutali imatsala mkokomo wokha, besi ndi kiyibodi zitadya mawu ake otsika. Mbale imene pampando mumaiona ngati yaukali pang'ono, kutali imakhala bwinobwino pamwamba pa bandi. Mavidiyo a pa YouTube sangakuuzeni zimenezi. Amathandiza kudziwa banja la mawu, makamaka pamene ogulitsa ajambula mbale yeniyeniyo ndi magalamu ake, koma ajambulidwa ndi maikolofoni abwino m'chipinda chokonzedwa, ndipo inu mukumvera pa sipika ya foni imene mawu otsika siitulutsa.

Chipinda ndicho chimamaliza nkhani, ndipo apa oimba ng'oma a m'matchalitchi ndi m'maholo akwathu ali ndi vuto lawolawo. Makoma a njerwa, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i: zonsezi zimabweza mawu okwera, moti mkokomo wa ride umawirikiza pomwe kugogoda sikuwirikiza. Anthu akadandaula kuti ng'oma zikusokosa, kawirikawiri olakwa ndi ma cymbal, osati ng'oma, ndipo maikolofoni a kwaya amatola cymbal kuposa china chilichonse. Mayankho awiri amene anthu amathamangira onse ali ndi msampha. Ride yolemera kwambiri imagogoda bwino, inde, koma imafuula, imachedwa kuzilala, ndipo mofewa siilankhula. Yopyapyala kwambiri imasefukira woimba akangotenthedwa. M'malo otere ine ndingasankhe ya mainchesi 20 kapena 21, yolemera pakatikati, youmirako pang'ono, belu lake losakula kwambiri. Ndipo ngati seti ndi ya mpingo, yoimbidwa ndi anthu anayi kapena asanu a manja osiyana, musasankhire dzanja la katswiri wawo. Sankhirani dzanja la amene amamenya kwambiri, chifukwa iyeyo ndiye adzaimiza mbaleyo pamalire ake. Panja, pa ukwati kapena pamsonkhano wa pabwalo, zimatembenuka: palibe khoma lobweza mawu, mbale youma imamveka yaing'ono, ndipo ya mkokomo ija ndi imene imapeza malo.

Ambiri a ife ride yabwino timaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika pamenepo, poti mkuwa wa B20 sukalamba msanga ndipo mbale za zaka 50 zikuimbidwabe. Chofunika ndi kuifufuza. Yendetsani chikhadabo m'mphepete monse, pang'onopang'ono, chifukwa mng'alu waung'ono chala chimaupeza maso asanauone. Yang'anani m'tsinde mwa belu ndi m'mizere yozungulira ija pa kuwala, poti ming'alu ina imatsata mzere n'kubisala momwemo. Bowo la pakati likhale lozungulira. Likatalika mbali imodzi, ndiye kuti mbale inkakhuzana ndi chitsulo cha sitandi popanda kapulasitiki kotchinga. Kutalika pang'ono sikuwononga mawu ndipo ndi chifukwa chabwino chonenerera mtengo, koma ngati pabowopo payamba timing'alu, isiyeni. Mng'alu pa cymbal subwerera m'mbuyo, ndipo kuwotcherera sikubweza mawu ake.

Ride imene muli nayo kale ikakhala kuti yangophonya pang'ono, musafulumire kuigulitsa. Ngati mkokomo wachuluka, kachidutswa ka tepi kunsi kwa mbale kamauchepetsa. Yambani ndi kakang'ono pafupi ndi belu, muzikasuntha kupita m'mphepete mpaka pamene pakukwanirani, chifukwa kakayandikira m'mphepete kamapha mawu kwambiri. Sinthani nsonga ya kamtengo musanasinthe mbale. Ngati yauma kwambiri, katcheni kopepuka kolendewera kuchokera pa nati kamaipatsa kaphokoso kosalala kotsatira kugogoda kulikonse, ndipo mukatopa nako mumangochotsa. Ena amaboola mbale n'kuikamo timisomali togwedera, monga ankachitira oimba jazz ambiri akale, koma bowo likabooledwa labooledwa, choncho yambani mwayesa tcheni kwa nthawi. Za kutsuka, dziwani kuti kuda kumene kumabwera pa mkuwa ndi zaka kumafewetsa mawu okwera, ndipo ambiri amakufuna dala. Mukaitsuka idzawala maso ndi mawu omwe. Ngati ndi zimene mukufuna, gwiritsani ntchito madzi ofunda, sopo wochepa ndi kansalu kofewa, mukutsata mizere, n'kuipukuta iume nthawi yomweyo. Mchenga, phulusa ndi waya wokwechera mapoto zimadya mizere imene mpeni wa mmisiri unasiya, ndipo mizere imeneyo ikafafanizika palibe woibwezeretsa.